Ovaloko ya makilogalamu 28 pa msewu wa Tete: lipoti la katundu mmodzi

Ntchito yanga ndi yolongedza ndi kutumiza katundu wa anthu kuchokera ku Johannesburg kupita kumudzi. Tili ndi kachipinda m'katikati mwa tauni, kufupi ndi komwe mabasi a ku Malawi amanyamukira, ndipo tilipo anthu atatu: ine, mphwanga amene amalemba m'buku, ndi mnyamata wothandiza kunyamula. Basi si yathu, ngolo ya katundu yomwe basi imakoka si yathu. Zathu ndi sikelo, makatoni, tepi, ndi dzina lomwe lili pa lisiti. Lipoti ili ndalembera anzanga a ntchito yomweyi, a kuno ku Joni ndi amene mumalandira katundu ku Wenela ndi ku Lilongwe. Mayina a eni katundu ndi a basi sindiwatchula.

Mmene zinayambira

Mwini katundu anali mayi wa zaka za m'ma 50, wogwira ntchito ya m'nyumba kuno kwa zaka zambiri. Mwana wawo wamkazi ku Blantyre anali atamaliza maphunziro a utelala. Makina wamba opalasa anali nawo, koma analibe ovaloko, makina opendera m'mphepete mwa nsalu, ndiye chovala chilichonse chofuna kupendedwa m'mphepete ankapita nacho kwa telala wina n'kukalipira. M'mwezi wa Okutobala analandira oda ya madiresi a operekeza mkwatibwi pa ukwati wa mu Disembala. Amayi ake atamva, anatenga ndalama zomwe anasunga miyezi yambiri n'kugula ovaloko yakale ya m'fakitale kwa telala wina amene ankatseka shopu. Anagula mutu wake, mota, pedulo ndi sitandi ya ulusi. Tebulo analisiya chifukwa cha kukula kwake, poti mwana anali atapeza kale lina ku Limbe.

Anafika pathu Lachinayi madzulo mu Novembala, akufuna basi ya Lachisanu m'mawa. Katundu anali m'katoni imodzi yaikulu, ya matewera a ana, yokulungidwa ndi tepi yochuluka moti katoni yeniyeniyo inkaoneka mwa apo ndi apo. Anyamata awiri anaitsitsa m'galimoto akubuula. Pa sikelo inalemera makilogalamu 51.

Chizindikiro choyamba ndinachimva ndi makutu. Anyamatawo ataikhazika pa sikelo, katoni inakhala chete kaye, kenako m'kati munamveka gubudu. Katoni yolongedzedwa bwino imalira kamodzi, ikamagunda pansi. Ikalira kawiri ndiye kuti m'kati muli chinthu cholemera chomwe chikuyenda pachokha. Nditaipendeka pang'ono ndinaona banga lakuda pansi pake, lalikulu ngati chikhatho. Ndinalikhudza ndi chala: anali mafuta, koma opepuka kuposa ophikira. Pakona pena, pomwe tepi inasiya mpata, pankatuluka kafungo ka Jik.

Ndinawauza kuti sindingailandire osaitsegula.

"Achimwene, mwana wa mchemwali wanga wamata usiku wonse katoni imeneyi. Musanditsegulire chonde, basi indisiya."

"Amayi, basi ikakusiyani mawa, sabata yamawa kuli ina. Koma makinawa akakasweka pa Tete, ndalama zogulira ena muzitenga kuti?"

Anakhala pa mpando nthawi ndithu osayankha, kenako anati tsegulani.

Apa ndipamene nkhani yonse inakhotera, ndipo ndikufuna tipaganizire bwino. Panali njira yachidule yomwe tonse timaidziwa: kulemba pa lisiti kuti katundu walongedza mwini wake, kusainitsa, kulandira ndalama. Mawu amenewo amateteza ife pa mkangano, koma sateteza katundu ngakhale pang'ono. Ndiponso katoni yomwe sitinaione m'kati imadutsa malire atatu a mayiko ili ndi dzina lathu pamwamba. Madzulo amenewo panali anthu ena asanu pa mzere, ndipo mtima unandikokera ku njira yachiduleyo. Chinandiletsa ndi banga la mafuta lija. Gubudu yekha mwina ndikanamuthiratu tepi ina n'kumulola.

Zomwe ndinapeza m'kati

Mutu wa makina unagonekedwa cham'mbali, wokulungidwa m'zitenje ziwiri ndi bulangete. Ovaloko za m'fakitale zimasunga mafuta m'mimba mwake, osakwana lita imodzi, ndipo pampu imawazungulitsa makina akamayenda. Wogulitsa sanawakhuthule, ndipo amayiwa sanadziwe n'komwe kuti alimo. Atagonekedwa, mafuta anayamba kudontha, bulangete n'kumwa, otsala n'kufika pa katoni. Pambali pake panali mota, yosakulungidwa chilichonse, ndipo ndiyo inkalira gubudu. Nsonga yake inali itakanda kale penti pa thupi la makina malo awiri.

M'mipata yotsala anatsekeramo chigubu cha mafuta ophikira cha malita 5, mabotolo awiri a Jik, mafuta odzola, nsapato za ana, power bank, ndi nsalu ya satini ya madiresi aja, mamita 20. Nsaluyo inapulumuka chifukwa inali idakali m'jumbo ya kusitolo. Mafuta anangokhudza kamphepete kamodzi komwe jumbo inang'ambika.

Amene analongedza sanali wosasamala. Anachita zomwe ambiri amaganiza kuti n'zoyenera: kukulunga chosweka m'zofewa, kudzaza mipata, kumata kwambiri. Koma zonse zomwe ndinaonazi zinachitika pa ulendo wa mphindi 20 zokha, kuchokera kunyumba kwawo kufika pathu, pa msewu wa tala.

Msewu womwe katoniyi inkayenera kuyenda

Polongedza ndimayamba ndaganizira njira, chifukwa katoni yoyenera ndege si yoyenera ngolo. Basi imachoka ku Johannesburg pa N1, kudutsa Pretoria, Polokwane ndi Musina, n'kuwoloka Limpopo pa Beitbridge. Ikalowa Zimbabwe imadutsa Masvingo ndi Harare, kutsika ku Mutoko mpaka Nyamapanda, kulowa Mozambique pa Cuchamano, kudutsa Changara, kuwoloka Zambezi pa Tete, kukwera ku Moatize mpaka Zobue, kenako Mwanza ndi Blantyre. Ndi makilomita opitirira 1,700, ndipo malire aliwonse ali ndi zipata ziwiri, chotulukira ndi cholowera. Pa zipata zina katundu amatsitsidwa yense n'kukwezedwanso, nthawi zambiri usiku, ndi anthu otopa amene sanaone mmene tinamuikira ku Joni.

Ngolo ili kumbuyo kwa basi imadumpha kuposa basi yeniyeniyo. Katundu sagundidwa kamodzi kokha. Amanjenjemera masiku awiri osalekeza. Chinthu chomwe chili ndi mpata wa chala chimodzi chimagunda chinzake maulendo osawerengeka, mpaka mpatawo ukule kukhala wa zala zitatu. Pa Tete mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo pansi pa tenti kumaposa pamenepo. Komanso Novembala ndi mwezi womwe mvula yoyamba imagwa, ndiye katoni yomwe yawauka ku chigwa cha Zambezi masana imatha kunyowa ku mapiri a Mwanza madzulo ake.

Zomwe tinasankha, ndi zifukwa zake

Choyamba chinali kugawa. Katoni imodzi inasanduka katundu anayi: mutu wa makina pawokha, mota ndi tizida take m'katoni ina, nsalu ndi zovala m'chikwama cha shangani, mafuta ophikira pawokha. Zamadzi sizigona ndi nsalu kapena makina, ndipo zitsulo ziwiri zolemera sizigona m'katoni imodzi.

Jik ndinakana kunyamula. Akatenthedwa botolo limatupa, ndipo akatayika amadya mtundu wa nsalu ndi kuchititsa dzimbiri pa chitsulo. Ku Blantyre amapezeka m'sitolo iliyonse. Pa mfundo iyi amayiwa sanavute. Power bank nayo sindinafune kuti ikhale pansi pa katundu wolemera padzuwa la Tete, chifukwa batire ya lithium ikaphwanyika kapena kutenthedwa kwambiri imatha kuyaka, ndipo moto wa m'ngolo dalaivala amauona mochedwa. Anaipereka kwa mayi wina wa mpingo wawo amene ankakwera basi yomweyo, kuti aisunge m'chikwama cha m'manja.

Pa mafuta ophikira tinakambirana nthawi yaitali. Ine ndinati atsale. Iwo anati mtengo wake kumudzi ndi wowawa, ndipo sangatumize katundu kwa mwana popanda kanthu ka m'khitchini. Ndinavomera, koma mwa njira yanga. Mafuta amafufuma akatenthedwa: chigubu cha malita 5 chikatentha ndi madigiri 30 kuposa pomwe chinali, mafuta amawonjezera pafupifupi mamililita 100, ndipo amafuna potulukira. Tinamata chivindikiro ndi tepi, tinaika chigubu m'majumbo awiri omanga pakamwa, n'kuchiimika m'ndowa ya pulasitiki ya malita 20 yokhala ndi chivindikiro, m'mbali titatsekera nyuzipepala ndi nsanza. Ndowa siphwanyika msanga ngati katoni, siyamwa madzi, ndipo aliyense woinyamula amaigwira choimirira popanda womuuza. Ikafika kumudzi imagwiranso ntchito.

Nthawi yambiri inathera pa mutu wa makina. Ndinaimbira telala amene anawagulitsa kuti andiuze pomwe pali bawuti yokhuthulira mafuta. Tinawakhuthulira m'chitini, tinadikira mpaka kudontha kutasiya, tinamanganso bawuti. Tinachotsa singano n'kuziika m'kabotolo, tinatsitsa phazi lopondera nsalu pa kansalu kopinda, ndipo zitseko zonse zotseguka tinazimanga kuti zisamagwedere. Malo achitsulo opanda penti tinawapaka mafuta pang'ono poopa dzimbiri. Pa sikelo mutu wokha unalemera makilogalamu 28.

Kukhuthula mafuta kunathetsa vuto limodzi n'kubweretsa lina, ndipo ili ndi lomwe ambiri amaliiwala. Ovaloko ya m'fakitale imathamanga kwambiri. Munthu akaiyatsa ilibe mafuta, zitsulo za m'kati zimadyana ndipo makina amafa tsiku lomwelo lofika. Mtsikana wosangalala, amene wadikira makina miyezi, chinthu choyamba chomwe angachite ndi kuwayesa. Ndiye ndinalemba ndi cholembera chachikulu pa pepala lolimba kuti "MULIBE MAFUTA. THIRANI MUSANAYATSE", n'kulimangirira pa gudumu la m'mbali, pomwe munthu sangayendetse makina osalichotsa. Amayi ake anamuuzanso pa foni tili pomwepo.

Kenako kukhazika. Bulangete ndi zitenje ndinazichotsa, ngakhale amayiwa ankaona ngati ndikuchotsa chitetezo. Zofewa zimateteza zinthu zopepuka. Pansi pa makilogalamu 28 bulangete imapanikizika n'kukhala ngati pepala, ndipo matuza a bubble wrap amaphulika limodzi limodzi mpaka kutha. Chinthu cholemera chimafuna kumangidwa kuti chisasunthe, n'kuzingidwa ndi chinthu cholimba chomwe chimabwerera chikapanikizidwa. Tinadula thabwa la pulayiwudi lokwanira ndendende pansi pa katoni, tinakhazikapo makina choimirira pa labala, n'kuwamanga ku thabwalo ndi malamba awiri okhala ndi chokokera. Pansi pa malamba tinaikapo makatoni opinda kuti asadye penti. Ndimasankha pulayiwudi osati thabwa wamba chifukwa sang'aluka motsata mtsempha wa mtengo. Amene mumatumizanso pa ndege kapena pa sitima mukudziwa phindu lake lina: lamulo la mayiko la ISPM 15 limafuna kuti matabwa olongedzera akhale otenthedwa kapena othiridwa mankhwala ndi kudindidwa chidindo, koma pulayiwudi salowa m'lamulolo.

Makina ndi thabwa lake analowa m'katoni yatsopano ya zikhungu ziwiri. M'makona ndi m'mbali tinatsekera zidutswa za polystyrene, zoyera zija zimabwera ndi mafiriji, zomwe timatolera m'masitolo a zamagetsi. Gudumu la m'mbali ndi lomwe limatuluka kunja kuposa zonse, ndiye likagundidwa mphamvu yonse imapita ku mtanda wa m'kati. Tinalisemera polystyrene yokhala ndi dzenje kuti chogunda chifike pa thupi la makina, osati pa gudumu. Tisanamate, anthu awiri tinainyamula n'kuigwedeza mbali zonse. Munamveka kaphokoso kakang'ono, tinatsegulanso, tinawonjezera chidutswa chimodzi, tinagwedezanso. Kachiwiri munali zii.

Katoni imeneyi tinaiveka pulasitiki yokhuthala, pakamwa pake titapinda choyang'ana pansi, n'kuilowetsa m'katoni ina yokulirapo, yosiya mpata wa masentimita 5 mbali zonse, pansi ndi pamwamba pomwe. Mpatawo tinaudzazanso ndi polystyrene. Pulasitiki ndimaiika pakati pa makatoni awiri chifukwa ya kunja imang'ambika pa kukweza koyamba, ndipo ikang'ambika imalowetsa madzi n'kuwasunga m'kati. Ya pakati palibe choikhudza. Tinamata ndi tepi yotakata ya mamilimita 48, pa msoko wapakati ndi misoko iwiri ya m'mbali, pamwamba ndi pansi, monga chilembo cha H. Mphamvu ya katoni ili m'makona ndi m'mphepete mwake. Tepi yozunguza paliponse imangobisa kufooka kwa katoni yakale.

Chinthu chomaliza ndi chomwe ndikuchiona kuti chinapulumutsa makinawa. Ndinalongedza ndikudziwa kuti katoni ikatsegulidwa panjira. Akuluakulu a msonkho ali ndi ufulu wotsegula katundu aliyense, ndipo katoni yolemera yolembedwa kuti makina siingadutse zipata zisanu ndi chimodzi osaonedwa. Choncho chivindikiro cha polystyrene cha pamwamba chinali chidutswa chimodzi chochotseka ndi kubwezereka mosavuta. Pansi pa chivindikiro cha katoni yakunja tinaikapo jumbo yoonekera, muli lisiti ya wogulitsa, mndandanda wa zomwe zilimo m'Chingerezi, chithunzi cha makina, ndi dzina ndi nambala ya wolandira. Pambali pake tinaikapo mpukutu wa tepi wotsala theka, ndi kapepala kopempha wotsegulayo kuti amatenso. Kunja tinalemba kulemera kwake ndi mivi yoloza kumwamba mbali zonse zinayi. Chilichonse tinachijambula pa foni tisanatseke, zithunzi n'kuzitumiza kwa amayiwa ndi kwa mwana wawo.

Mtengo wonyamulira unakwera, chifukwa katundu anayi amadya malo ambiri kuposa katoni imodzi, ndipo analipiranso makatoni ndi ndowa. Zinawapweteka, ndinaona nkhope yawo. Ndinawawerengera chilichonse pa pepala pambali pa mtengo womwe anagulira makina, ndipo analipira.

Pomwe ndinalakwitsa

Katoni ya mota tinaifikira cha m'ma 10 koloko usiku. Polystyrene inali itatha, masitolo atatseka. Mota ndinaikulunga m'makatoni opinda n'kuitsekera bwino ndithu. Pedulo inalowa pambali. Kunatsala sitandi ya ulusi: ndodo yachitsulo yopyapyala, ndi mbale yapulasitiki yokhazikapo mipukutu. Ndinaikulunga ndi bubble wrap n'kuilowetsa m'mphepete mwa katoni yomweyo, pafupi ndi mota. Ndinaphwanya lamulo lomwe ndinali nditangowafotokozera amayiwa maola atatu m'mbuyomo, loti chosalimba sichigona ndi cholemera. Katoni imeneyi sindinaigwedeze. Maganizo anga onse anali pa mutu wa makina, ndipo sitandi ndinkaiona ngati kanthu kotsika mtengo. Ndinaiwala kuti ovaloko siisoka popanda sitandi, chifukwa ulusi wake, wochokera ku mipukutu ingapo nthawi imodzi, umayenera kukwera m'mwamba kaye kuti utsike wosakodwa.

Paulendo

M'mawa ndinapita nawo kokweza. Buti ya pansi pa basi inali itadzaza, ndiye zonse zinalowa m'ngolo. Ndinapempha olongedza ngolo kuti katoni ya makina ikhale choimirira pamwamba pa matayala, pomwe ngolo siidumpha kwambiri, osati kumchira, ndiponso kuti pamwamba pake pasakhale firiji. Anandimvera. Ndinajambula, ndinaonetsa kondakitala katoniyo ndi kumuuza za tepi ili m'kati.

Basi inagona pa Beitbridge chifukwa cha mzere, ndipo m'malo mwa Lamlungu inafika ku Blantyre Lolemba masana. Zomwe zinachitika panjira ndinazimva kwa kondakitala atabwerera kuno, komanso kwa mayi uja anasunga power bank. Pa chipata china katundu anatsitsidwa yense. Katoni ya makina inatsegulidwa, oona katundu anawerenga lisiti, anakweza chivindikiro, anayang'ana, anakhutira. Kondakitala anati anabwezera polystyrene pamalo pake n'kumata ndi tepi ija chifukwa inali pomwepo m'manja mwake. Ananena yekha kuti pakanapanda tepiyo akanangopinda zivindikiro n'kumanga ndi mphira ya chubu, monga amachitira ndi makatoni ena, poti pa boda usiku palibe kogula tepi. Pa Mwanza katundu anatsitsidwanso kuti a MRA awerengere msonkho, ndipo anagwiritsa ntchito lisiti ya wogulitsa. Katundu ali pansi kunagwa mvula. Anthu anakweza mothamanga, ndipo katoni yathu inabwerera m'ngolo chogona, kumchira, pansi pa zikwama. Makilomita omaliza opita ku Blantyre inayenda choncho.

Sindiimba mlandu aliyense pa izi. Mivi yolembedwa pa katoni ndi pempho chabe, ndipo mvula ikamagwa pa katundu wa anthu a basi yonse palibe amene amawerenga mivi. Katoni iyenera kulongedzedwa ngati ikayenda chogona.

Pofika

Mtsikanayo ndinali nditamuuza kuti ajambule katundu yense asanamukhudze, ndipo atsegule pomwepo pa depoti, kondakitala akuona. Anachita momwemo. Zithunzi zinaonetsa katoni yakunja yonyowa mbali imodzi, yofewa moti chala chinkalowa, ndipo kona imodzi inali itabwanyuka pafupifupi zala ziwiri. Polystyrene ya pa konayo inali itasweka. Pulasitiki inali ndi madontho pamwamba, koma katoni ya m'kati inali youma ndi yowongoka. Makina anali pa thabwa lawo, malamba ali chimangire, gudumu likuzungulira bwino ndi dzanja. Akanakhala ndi mafuta m'mimba, kugona kuja kukanawatayira onse m'katoni.

M'ndowa, chivindikiro cha chigubu chinali chitadontha pang'ono ngakhale tinachimata, mwina supuni ziwiri, zomwe zinathera m'jumbo yoyamba. Madonthowo akanagwera pa satini, madiresi akanayamba ndi mabanga. Chikwama cha nsalu chinanyowa kunja, m'kati mouma, poti nsalu tinaziika m'mapulasitiki awiri.

M'katoni ya mota, makatoni opinda aja anali atapanikizika ndi kunjenjemera kwa masiku atatu, mota inapeza mpata, ndipo inakhala ikugunda sitandi. Mbale yapulasitiki inasweka patatu, ndodo inapindika. Mota ndi pedulo zinalibe vuto.

Madzulo a Lolemba lomwelo ndinawaimbira amayiwa asanandiimbire. Ndinawauza kuti sitandi yasweka, kuti cholakwa ndi changa osati cha basi, ndipo ndigula ina ndi ndalama zanga. Anafunsa funso limodzi lokha: "Nanga mutu uja?" Nditati uli bwino, anapuma mwamphamvu n'kuti zikomo achimwene.

Sitandi yatsopano sikanafika msanga, ndiye mtsikanayo anatenga ndodo kupita nayo kwa owotcherera ku Ndirande, amene anaiwongola, ndipo kalipentala anamusemera kathabwa kokhala ndi timitengo tokhazikapo mipukutu. Makaniko wa makina osokera anabwera kudzakhazika mutu pa tebulo, kumanga mota ndi lamba, ndi kuthira mafuta. Pepala lija analipeza lili pa gudumu. Anasinthanso pulagi, chifukwa ya ku South Africa ili ndi mano ozungulira pomwe masoketi a ku Malawi amafuna a makona, ngakhale mphamvu ya magetsi ndi yofanana, 230V. Za pulagi ndinali ndisanawachenjeze, ndipo tsopano ndimauza aliyense wotumiza chamagetsi. Kusweka kwa sitandi kunachedwetsa ntchito masiku anayi.

Zomwe tasintha pathu

Kuyambira pamenepo katoni iliyonse imagwedezedwa isanamatidwe, yaikulu kapena yaing'ono, ndipo amagwedeza ndi munthu amene sanailongedze. Wolongedza amakhulupirira manja ake, makamaka akatopa. Mnzake amangomvera phokoso. Zipangizo zikatha, katundu amadikira basi ina, ngakhale mwini wake adandaule. Usiku uja ndikanatha kutumiza mutu ndi mota, sitandi n'kutsala mpaka sabata yotsatira, ndipo ikanafika yathunthu mochedwa pang'ono chabe kuposa masiku anayi omwe anatayika.

Polandira makina alionse, osokera, jenereta, makina otchetchera udzu kapena kompuresa, funso loyamba tsopano ndi loti m'kati muli mafuta kapena petulo. Lachiwiri ndi loti ndi kachida kati komwe kakasweka makina onse aima. Kachida kameneko kamalongedzedwa koyamba, maso akadali akuthwa, osati komaliza. Mpukutu wa tepi timauika m'katoni iliyonse yomwe tikuganiza kuti ikatsegulidwa pa boda, ndipo mtengo wake timauwerengera poyera pa lisiti.

Pali chimodzi chomwe ndikuchiganizirabe. Kona yomwe inabwanyuka inadya pafupifupi mpata wonse wa masentimita 5. Kwa chinthu cholemera chotere, pa ngolo, m'nyengo ya mvula, mpata umenewo unakwanira mwa mwayi. Makina olemera kuposa makilogalamu 25 ndayamba kuwapangira bokosi la pulayiwudi mbali zonse, lomanga ndi masikulu osati misomali, kuti likhoze kutsegulidwa pa boda ndi kutsekedwanso. Limadula, ndipo si makasitomala onse amene amavomera. Amene akana ndimawaonetsa chithunzi cha kona ija.

Madiresi anaperekedwa sabata imodzi ukwati usanachitike. Sitandi yatsopano ndinaitumiza kumayambiriro kwa Disembala, ndodo yake ili m'paipi ya PVC yotseka mbali zonse, mbale yake m'kakatoni kakekake. Inafika bwino. Amayi aja atabwera pathu mu Januwale kudzatumiza mabuku a sukulu a adzukulu, anandiuza kuti mwana wawo akusokerabe pa sitandi ya ku Ndirande ija, ndipo yatsopanoyo waisunga m'paipi momwemo kuti idzathandize inayo ikadzatha. Mabukuwo anabwera nawo m'katoni yosamata.